Bitiruti wa a Ottmar

Lolemba, 14 Okotobala 2019. Aachen.

Pampu ya mtima wa a Ottmar, m'mawa uno:
Kuzungulira pa mphindi: 9,000
Magazi pa mphindi: malita 4.9
Mphamvu: mawati 5.4
Mabatire odzaza: 8 mwa 8
Pasikelo: makilo 71.2
Mkodzo: malita 1.3
Mtundu wa mkodzo:
Masiku chiikireni pampu: 2,226

Mzere wa mtundu ndausiya wopanda kanthu. Koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Khadi langa lili ndi mitundu isanu ndi itatu, kuyambira udzu wouma mpaka khofi wopanda mkaka. Ndinalikonza ndekha ndi timapepala ta kusitolo ya penti. Wa lerowu palibepo. Wofiira, koma wothimbirira.

Chifukwa chilipo: bitiruti. Dzulo anadya mbale yodzaza. A Quadflieg, oyandikana nafe kudimba, anabwera naye Loweruka, makilo asanu, dothi lili momwemo. A Ottmar akuti wawachulukira, angotigawira.

Zaka 49 m'banja, mwamuna wosayandikira bitiruti. Ankati ndingowatapira dothi la m'munda ndi kuthirapo viniga, ndisavutike kuphika. Dzulo: “Onjezerani, Mayi Injiniya. Munthu akakalamba lilime limatembenuka.”

Wotsalayo ndawiritsa, ndatsekera m'mabotolo khumi ndi awiri. Manja psuu mpaka m'zikhadabo. Mtundu umenewu ndinautsuka komaliza tsiku lomwe ndinapuma ntchito.

Lachitatu, 16 Okotobala

9,000. Malita 5.0. Mawati 5.5. Mtundu: womwe uja.

Mvula tsiku lonse. Ndasintha bandeji pamimba pomwe chingwe chimatulukira. Pouma, poyera. Apo palibe chodandaula.

Kuyang'ana botolo lawo pawindo, maganizo anabwerera kuntchito. Zaka 31 ndikuyesa mapampu a magazi asanaikidwe mwa munthu. Lachiwiri lililonse kophera nkhumba, zigubu ziwiri pampando wam'mbuyo, magazi akadali ofunda. Pampu iwazungulitse maola asanu ndi limodzi. Ola lililonse kutapako pang'ono, kupukusa m'makina, kuyang'ana madzi otsala pamwamba. Achikasu ngati udzu: pampu yabwino. Apinki: ikuphwanya maselo ofiira, ibwerere kwa oikonza. Kampata kochepera tsitsi, kapena ngodya imodzi yakuthwa, basi magazi awonongeka. Maselo salira akamasweka. Amangotaya utoto wawo. Mwa munthu utotowo umatulukira mu mkodzo. N'chifukwa chake khadi lija.

Koma nawonso bitiruti amatulukira komweko. Ndikudziwa. Ndadziuza katatu lero.

Pa khofi ndinagwira dzanja lawo, mwachizolowezi. Lofunda. Kugunda ayi. Pampu sigunda, imangoyenda, ndipo mtima wawo weniweni sumvekanso pansi pake. Zaka zonsezi zala zanga zimafunafunabe. Iwo amaseka. “Ndinafa kalekale ine, kungoti a magetsi sanandidulebe.”

Khutu pachifuwa: kulira kuja, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Iwo anali mphunzitsi wa nyimbo, ndipo mphunzitsi wa nyimbo satha. Akafuna kuyamba nyimbo amatseka maso, n'kutenga liwu pa pampuyo. Akuti sinawanamizepo.

Lero sanaimbe. Ati pakhosi.

Lachisanu, 18 Okotobala

9,000. Malita 5.3. Mawati 5.9.

Kudimba kukatseka mpopi chisanu chisanaphulitse mapaipi. A Quadflieg kuseri kwa mpanda, akuzula nyemba zouma. Ndinathokoza za bitiruti.

“Muthokoze amuna anuwo, mayi. Anachita kundiimbira foni Lachisanu lija, akuti Leo, zula yense, ndikumufuna mawa. Ndinati akulu, kodi muli ndi pakati?”

Ndinaseka nawo. Mpopi ndinatseka, ndinayesa kawiri.

Lachisanu lija linali pa 11. M'mawa umenewo botolo la mkodzo ndinalipeza lotsuka kale. “Ndaiwala, ndakhuthula.” Loweruka chimodzimodzi. Munthu amene sanaiwalepo chichokereni kuchipatala. Ine ndinalemba malita omwe anandiuza, mtundu n'kulemba 3, powakhulupirira.

Botolo poyamba, bitiruti pambuyo. Ndinali nditaziika chozondoka.

Madzulo msuzi wa mphodza, buledi wakuda. Anatsegula okha botolo lachitatu. Amatafuna pang'onopang'ono, maso pakhoma, ngati mwana womwetsedwa mankhwala.

Loweruka, 19 Okotobala

9,000. Malita 5.6. Mawati 6.2.

Kukayikira si umboni. Lamulo loyamba la kuntchito: thumba limodzi la magazi omwewo likhale pambali, m'madzi ofunda omwewo, maola omwewo, koma lisalowe m'pampu. Tinkalitcha mboni. Mboni ikafiira nayo, vuto ndi nkhumba kapena msewu woipa. Mboni ikakhala yoyera, wolakwa ndi pampu. Wophunzira aliyense woiwala mboni ndinkamubweza kophera nkhumba, ngakhale alire. Tsiku lonse lotayika, koma sankaiwalanso.

Ine ndatha sabata yathunthu popanda mboni.

M'nyumba muno mboni ndi ine. Sikelo ya kukhitchini: magalamu 200 iwo, magalamu 200 ine. Madzi akumwa ofanana. Lero ndi mawa.

Anandiyang'ana ndikuyeza. “Mwayamba kumukonda nanunso?”

Ndinati lilime limatembenuka. Sanaseke.

Lolemba, 21 Okotobala

9,000. Malita 6.4. Mawati 7.1. Pasikelo 72.6. Akakolo otupa.

Mabotolo awiri a jamu pawindo la kubafa, kuwala kwa m'mawa kuseri kwake. Wanga: pinki wowala, ndimaona chitsulo cha windo kupyola mkati mwake. Wawo: tiyi wogona m'ketulo. Bii. Kupyola osaona kanthu.

Mboni yoyera. Wolakwa ndi pampu.

Ndinakhala pamphepete pa bafa, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Ine, wosadziwa nthawi.

Magazi aundana mkati, pa kachitsulo kozungulira. Palibe china. Injini ikukoka zolemera, n'chifukwa chake mawati akukwera. Ndipo kabokosi kamene amavala m'chiuno kakunama. Sikayeza magazi, kamangoona mawati n'kuwerengera. Mawati akakwera, kamalemba kuti magazi achuluka. Chonsecho akuchepa, ndipo odutsawo akupereseka ngati chimanga m'chigayo.

Iwo anaona 6.4, n'kundilozera. “Mwaona? Chaka chamawa ndikulowa mpikisano wa njinga.” M'maso mwawo mwayamba chikasu. Kuchokera pampando kufika pakhomo, kupuma kawiri.

Khutu pachifuwa. Njuchi ilipo. Pansi pake kaphokoso kena, ngati mchenga m'kapu. Ndikukadziwa. Ndinkakamva patebulo la kuntchito, ola lachinayi, pampu ikatsala pang'ono kukanidwa. Pamenepo ndinkangozimitsa, kulemba, kutaya magazi, kupita kunyumba.

Masana ndinakamva mu filiji. Kenako m'basi nambala 5.

Lachiwiri, 22 Okotobala

9,000. Malita 6.8. Mawati 7.6.

Ndinawaitanira kubafa. Mabotolo atsopano awiri.

Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja pachitseko. “Ndimayesa mundigwira tsiku lachiwiri. Ukalamba, Mayi Injiniya.” Kenako: “Chinthu chonyansa chija ndachidyera chabe.”

Tinakhala kukhitchini. Khofi anazizira. Zomwe ananena ndikuzidziwa kale, koma sanazinenepo zonse pamodzi. Chaka chija cha pampu. Masabata asanu ndi limodzi m'chipinda cha odwala kwambiri, manja omangidwa kubedi, paipi pakhosi. Mchimwene wawo Ansgar, amene anamira m'damu ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ankabwera tsiku lililonse kudzakhala kumiyendo, zovala zili chonyowa, osalankhula. Anamwino ankati ndi mankhwala. Iwo mpaka lero amati bulangete linkanyowadi.

“Chifuwa ichi anatsegula kamodzi. Si kabati iyi. Mukaimbira Birte, andigoneka, andisintha pampu, ndikadzuke ndili chimangire. Mwinanso osadzuka, n'kukhala choncho miyezi. Musaimbe.”

Birte, namwino woyang'anira onse a mapampu. Nambala yake ili pachitseko cha filiji, malemba aakulu, ndinalemba ndekha.

Sindinaimbe. Ndinasita malaya asanu ndi limodzi amene anali ositasita kale.

Lachitatu, 23 Okotobala

9,000. Malita 7.1. Mawati 8.0.

Ndinawauza mosazungulira. Chibulumwa cha magazicho sichikhala malo amodzi. Chikanyemeka chimapita kumutu. Adzagwa pano, pakhitchini. Ambulansi idzabwera. Madokotala adzafunsa, ndipo woyankha ndidzakhala ine, iwo ali gone. Ndinati ndidzavomera chilichonse, kutsegula, kumanga, paipi, zonse. Ndinati mukundidziwa.

Anaseka pang'ono, mpweya n'kuwathera.

“Ndikukudziwani. Ndiye tiyeni ndikakane ndekha, pakamwa pakadali panga.”

Ndinaimba. Birte anati tifike pasanathe ola.

Chikwama: mabatire 8, chotchajira, kabokosi kapadera, zovala zogonera, magalasi.

Zoona zake ndilembe. Ndinawauza zoona, koma ndili ndi changa mumtima. Ndikuti akamva manambala kwa madokotala asintha maganizo. Manambala sanandikanikepo kukopa munthu.

Loweruka, 26 Okotobala

Kuchipatala, tsiku lachinayi. 9,000. Mawati 8.7.
Muyeso wa maselo osweka: masiku onse umakhala cha m'ma 350. Lachitatu: 2,900. Lero: 3,150.

Diripi yosungunula magazi, usana ndi usiku. Akuti nthawi zina imathandiza.

Birte anawakalipira atangolowa. “Bitiruti, bambo Vossenkaul? Anzanu amabisa kachasu pansi pa bedi, inu mukubisa mkodzo?” Iwo: “Mwana wanga, aliyense ndi tchimo lake.” Potuluka anandifinya phewa. Maso ake anali ofiira.

Ndinapempha kuona kabotolo ka magazi awo atapukusa. Mnyamata wa ku labu anadabwa koma anandionetsa. Madzi a pamwamba: ofiira ngati vinyo wothira madzi. Ndaona timabotolo totere zikwizikwi. Tonse tinali ndi nambala ya nkhumba. Aka kanali ndi dzina.

Dokotala wa maopaleshoni, mayi wamtali wolankhula motsitsa, anakhala pabedi. Diripi ikakanika, njira ndi imodzi, kusintha pampu. Mwa anthu khumi a msinkhu wawo, a impso zotopa chonchi, asanu ndi mmodzi amatuluka pakhomo la chipatala ndi miyendo yawo.

Ndinajambula timizere khumi pa kapepala kopukutira kukamwa, n'kuzunguliza tisanu ndi kamodzi. Ndinaonetsa a Ottmar.

“Anayi enawo mumawaika kuti, adokotala?”

Mayiyo anayankha zoona. Ena amathera patebulo pomwepo. Ena m'chipinda chija, patapita masabata.

A Ottmar anagwedeza mutu, ngati munthu wamva mtengo womwe amaudziwa kale.

Mawa mawotchi abwerera m'mbuyo ola limodzi, monga timachitira kuno chisanu chikamayandikira. A m'nyumba ndawakonza kale, onse asanu. Ola laulere. Ndilitenge ndikaliike pati?

Lachitatu, 30 Okotobala

9,000. Mawati 9.8. Maselo osweka: 3,600. Awathira magazi mapaketi awiri. Akulowa uku, pampu ikupera uku.

Diripi yakanika.

Ndinawawerengeranso. Asanu ndi mmodzi. Zaka zina zitatu, mwina zisanu. Dimba. Ana a mwana wathu Almut akumaliza sukulu. Manambala atatha ndinapempha. Ndinagwada, pansi pozizira pa chipatala, mayi wa zaka 76, bondo n'kukana kudzuka. Anachita kukoka chingwe choitanira namwino kuti adzandidzutse.

Namwino atatuluka anandigwira kumutu.

“Traudel, iwe. Wachita ntchito yako, wandigwira. Koma mboni sikakamiza. Imangokhala pambali, m'madzi ofunda omwewo.”

Dzina limenelo anandiitana nalo komaliza tisanagule nyumba ino. Ndipo sindinkadziwa kuti ankamvetsera ndikamakamba za kuntchito.

Asaina mapepala okana opaleshoni pamaso pa madokotala awiri. Ndinayang'anitsitsa.

Lachisanu, 1 Novembala

Kunyumba. 9,000. Mawati 10.3.

Tsiku la Oyera Onse. Masitolo otseka. Almut wafika pa sitima kuchokera ku Bremen, walowa m'chipinda chake chakale. Amalirira kubafa, mpopi uli chotsegula, akuyesa sitikumva.

Ndinapita ndekha kumanda. Makandulo atatu m'timagalasi tofiira: amayi, abambo, Ansgar. Manda onse psuu, mizere ndi mizere, ngati tebulo langa lakale tsiku loipa. Pa Ansgar ndinaima. Ndinamuuza kuti adikire panja, asalowe m'nyumba mwanga ndi zovala zonyowa. Mayi wina wa pamanda oyandikana anatembenuka. Ndinali nditalankhula mokweza.

A Ottmar akana kudikira kuti chibulumwa chisankhe tsiku. Dokotala wa odwala osachira abwera Lolemba, 10 koloko, ndi Birte, kudzazimitsa pampu. Tsiku anasankha okha, chifukwa Lamlungu kukubwera a kwaya.

Ndinafunsa chomwe akufuna kudya. Zitumbuwa za mbatatesi ndi phala la maapozi. “Bitiruti asandiyandikenso. Ngakhale pamaliro, ndidzadzuka.”

Anadya chimodzi ndi theka.

Lamlungu, 3 Novembala

9,000. Mawati 10.9.

Madoda asanu ndi anayi m'chipinda chochezera, majasi onyowa pakhonde. A Quadflieg nawo, ngakhale saimba. Anandipeza kukhitchini, chipewa m'manja. “Mayi, ndikanadziwa ndikanamuthira mankhwala a udzu bitiruti uja.” Ndinawauza kuti bitiruti alibe mlandu, ndinayesa ndekha. Ndinawapatsa keke.

Poyamba nyimbo anafuna wopereka liwu. A Ottmar anakweza chala, kutseka maso, kumvetsera m'chifuwa. “Likadali lomwe lija, anyamata. Langosasa ngati inu nomwe.” Anang'ung'uza, enawo n'kulandira.

Sindinalowe. Makapu khumi ndi awiri, timbale khumi ndi tiwiri, kasupuni kamodzi kakusowa. Ndinakafunafuna mpaka nyimbo zinatha. Kanali m'thumba la epuloni.

Madzulo anafunsa ngati mawa ndilemba manambala. Ndinati m'mawa ndilemba. Anati, “Nanga mukanatani.”

Lachitatu, 6 Novembala

Lolemba m'mawa ndinalemba: 9,000, mawati 11.2. Ndinasintha bandeji ngati masiku onse. Iwo anafuna malaya abuluu.

Dokotala anapereka mankhwala ogonetsa. Almut kudzanja lamanja, ine kumanzere. Mawu awo omaliza anapita kwa Birte: “Mwana wanga, uzimitse kaye belu lako lija, lingadzutse anthu apansi.” Birte anatseka belu la kabokosi. Anadikira mpaka atagona ndithu. Anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anazula batire loyamba, lachiwiri, kenako chingwe.

Zii.

Sindinkadziwa kuti nyumba yathu ili ndi bata lotere. Ndinamva wotchi ya kukhitchini. Ndinamva mvula m'ngalande.

Zala zanga zinali pomwe zimakhala, pamkono. Mwachizolowezi. Ndiye pansi pa chala chapakati panagunda.

Ndinayesa ndi changa. Ndinasuntha chala. Panagundanso. Mofooka, mosalongosoka, kawiri msangamsanga, kenako kudikira, kenako kamodzi. Mtima wawo womwe, uja ndinaumva koyamba kuseri kwa holo ya kwaya ndili ndi zaka 25. Unalipo nthawi yonseyi, pansi pa makina, ukugwira ntchito yake wosamveka.

Sindinauze munthu. Ndinangogwira.

Dzulo a maliro, mapepala, mafoni. Mwambo Lachiwiri likubwerali.

Lero m'mawa njuchi yabweranso. Liwu lomwe lija, loyera, lopanda mchenga. Ndazimitsa filiji. Ndazula chotchajira pakhoma. Ndatseka magetsi a nyumba yonse pa bokosi la pakhonde. Ilipobe, cha kumpando wawo. Ndinaitana Almut, ndinamuimika pomwe ndinaima ine, mphindi ziwiri, osalankhula. Sakumva kanthu.

Mboni yoyera. Ndiye kuti ili mwa ine. Ikhale.

Kutseka:
Masiku a pampu: 2,247
Kuzungulira konse: mabiliyoni 29 ndi pang'ono
Mawati: 0
Mabatire obweza kuchipatala: 8
Mabotolo a bitiruti otsala: 7
Kugunda pamkono wamanzere, Lolemba, chizimireni pampu: ndinawerenga konse, mpaka komaliza. Nambala yake sindilemba. Ndi yanga.

Irmtraud Vossenkaul